Pikapu Yozimira pa Manda

Amuna anga anandisiyira ana, nyumba ya ku Chinsapo yosamaliza pulasitala, ndi pikapu yoyera yakalekale imene anthu a m'dera mwathu ankangoitcha gogo. Pa zonsezi, chimene chinatsala pang'ono kundipulumuka m'manja ndi pikapuyo. Sikuti panabwera akuba kapena achibale adyera ofuna kulanda chuma cha masiye ayi. Amene ankafuna kuiphwasula ankachita zimenezo pondimvera chisoni. Mpaka lero ndimati bola wakuba, chifukwa wakuba umatha kumukuwiza, koma munthu wokumvera chisoni umayamba wamupatsa mpando.

Pikapuyo ndiyo inali munda wathu. Tinkapikula kabichi ndi tomato m'madimba a cha ku Malingunde n'kukaperekera amayi ogulitsa mumsika wa Mchesi. Matenda a shuga atayamba kuwawononga maso amuna anga, chiwongolero ndinatenga ndine, iwo n'kumakhala pambali kumandilalatira za magiya. Koma kukonza ankakonzabe okha, mochita kufufuza ndi zala. Sanali makaniko, anangokhala dalaivala wa malole zaka zambiri, ndipo galimoto yawoyo sankalola kuti wina aigwire. Ntchito yanga inali yokhala pampando n'kumapotokola kiyi. Iwo mutu uli m'boneti ankakuwa kuti, "Liza!" kenako, "Siya!" Ankayankhulanso okha uku akugwira mawaya, kuifotokozera galimotoyo chimene akuifufuza. Ine zinkanditopetsa kwabasi, makamaka ndiwo zikakhala pamoto, koma m'makutu zinkalowa ndithu.

Atamwalira tinawaika m'manda a kumtunda kwathu konkuno, chifukwa anali atanena kuti asakawaike kumudzi kumene ana sangamakaone mtumbira. Bokosi linanyamulidwa ndi pikapu yomweyo. Kutacha, alamu anga, achimwene aakulu a malemu amene amakhala ku Area 25, anaitulutsa pabwalo n'kuyamba kuisambitsa. Kubanja kwawo chilichonse chimene chagwira maliro chimasambitsidwa, kaya ndi makasu, mafosholo kapena mphasa, ndipo madzi ake amaviikamo masamba osinja ndi mchere. Ine ndinali m'nyumba pamphasa ndi amayi odzandipepesa, koma ndinkaona pazenera. Anathira ndowa kumbuyo kumene kunali bokosi, anathira m'matayala, kenako anatsegula boneti n'kukhuthuliramo ina yonse, akunena kuti manja a mng'ono wawo ankakhalitsa mmenemo. Ankalira pochita zimenezo, ndipo palibe amene akanawaletsa, ngakhale ine.

Ana sadya misozi. Patapita masabata angapo ndinabwerera pamsewu, duku lakuda lili kumutu. Maulendo oyamba zonse zinali bwino. Njira yochoka kwathu kukalowa mumsewu wa tala wa ku Likuni imadutsa kunsi kwa manda aja, pamalo pamene madzi a mvula anakumba n'kusiya mabampu okhaokha. Tsiku lina m'mawa nditangofika pamenepo, injini inangoti zii. Sinatsokomole, sinachenjeze. Ndikapotokola kiyi sitata inkazungulira bwinobwino, koma injini osagwira. Abambo a kabaza anandithandiza kuikankha mpaka kunyumba, ndipo itangofika pabwalo ndinayesanso, iyo n'kulira ngati sinalakwepo kanthu.

Zinachitikanso, n'kuchitikanso, pamalo omwewo. Masiku ena inkadutsa, koma kawirikawiri ayi. Ndiye mukuidziwa Chinsapo. Nkhani inayambira pa kiyosiki ya madzi, inafika ku chigayo, pofika Lamlungu inali italowa kale m'tchalitchi. Ena ankati malemu sakufuna kuti mkazi azikhala pampando wawo. Ena ankati akundiitana. Panali mayi wina amene anachita kunena kuti mwina pali chimene ndinawalakwira amuna anga akudwala, n'chifukwa chake akundigwira mwendo. Ameneyo ndinamutsatira kwawo, ndipo zimene ndinamuuza sindingazilembe muno. Amayi amene ndinkawakweza ulere popita kumsika anayamba kukonda kuyenda wapansi. Kabichi ankafota m'dimba akundidikirira, a ku Mchesi n'kuyamba kuoda kwa ena.

Alamu anayesetsa, pamenepo sindingawanamizire. Anabwera ndi makaniko wa ku Biwi. Galimoto ili pabwalo inalira kamodzi n'kamodzi, munthuyo anamvetsera, n'kunena kuti mwina ndi koyilo. Anasintha koyilo. Wina anabwera n'kusintha mapulagi. Wachitatu anapukusa mutu n'kuti magalimoto amenewa ndi ovuta chifukwa alibe mapointi oti munthu n'kupala ngati akale aja, moto wake umalamulidwa ndi kabokosi kakuda komata, kosatsegulika. Anakasaka kena kochotsa pa galimoto yakufa n'kuikapo. Mawa lake gogo anazimanso pamanda. Ndikawaimbira kuti bwerani mudzaione pomwe yaferapa, onse yankho linali limodzi: "Ikokereni kuno, mayi." Ukaikokera kumeneko inkafika ili bwinobwino. Sindikunena kuti ntchito saidziwa, koma dokotala sangapeze matenda pa munthu amene akuvina. Komanso nkhani ya manda inali itawapeza kale, ndipo ndinkaona mmene ankaizembera.

Ndiye Lamlungu lina masana alamu anabwera n'kukhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Alamu," anatero, "takambirana kubanja. Galimotoyi ichoke pakhomo pano. Ndalankhula ndi anthu ophwasula magalimoto ku Biwi, abwera Loweruka. Zitsulo zigulitsidwe, ndipo zonse zotuluka pamenepo ndi zanu ndi ana, ife sitikhudzako."

"Aphwasule? Galimoto yoyenda?"

"Ikuyenda kuti? Mwayesa amakaniko angati? Izi si za sipanala, alamu. Mng'ono wanga akukana. Tsiku lina idzazima muli pamtsetse, ana awa adzatsala ndi ndani? Sitikufuna maliro ena."

Ndinati, "Alamu, ang'ono anuwo ndakhala nawo nyumba imodzi mpaka ana kukula. Akakhala ndi mawu sankabisala kuseri kwa injini, ankanena pamaso, mokuwa, mpaka aneba kumva. Lero ayambe manyazi chifukwa amwalira? Munthu amene anandiphunzitsa yekha kuyendetsa andikanize kudyetsa ana ake? Ayi, mukuwanamizira."

"Loweruka," anatero, n'kuvala chipewa. Sanakwiye n'komwe. Anandiyang'ana ngati wodwala wokana mankhwala, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

Atachoka ndinakatulutsa kathumba ka zitsulo ka malemu kamene ndinali ndisanakagwire chimwalirire. Munali masipanala, pulayazi, sandipepa, mswachi wawo wakale wakuda ndi girisi, ndi kababu kolumikiza mawaya awiri kamene ankayesera magetsi. Nditakagwira kababuko ndinakumbukira zimene ankakonda kubwereza mutu uli m'boneti, zoti galimoto uziifunsa ikadali chigonere, pamalo pomwe yagwera, chifukwa ikadzuka imanama. Amakaniko onse aja anaifunsa itadzuka. Ndiye kuti pankafunika munthu wokatsegula boneti pamanda penipeni, ndipo munthuyo panalibe wina koma ine.

Vuto linali wopotokola kiyi. Ana sindikanawalowetsa m'nkhani yokhudza manda a bambo awo, ndipo amuna a m'dera ndikawapempha ankangoti tiona. Ndinapita kwa aneba anga, mayi wachikulire wochokera ku Rumphi, wosaphonya mapemphero a amayi, amene chibadwire sanakhalepo pampando wa dalaivala. Nditawafotokozera anati, "Mama, ine mizimu sindiiopa, ndimaopa Chiuta yekha. Koma chigalimoto chanucho chikathawa nane?" Ndinawalonjeza kuti ndiika miyala m'matayala onse. Anavomera, koma anati Baibulo atenga, mwina lingafunike.

M'mawa mwake tinanyamuka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkapemphera kuti izime. Sinandikhumudwitse. Titangolowa m'mabampu muja inati zii, moyang'anizana ndi chipata cha manda. Ndinakoka handibuleki, kuchotsa giya, kuika miyala, kukhazika aneba pachiwongolero n'kuwaonetsa mopotokolera kiyi. Kenako ndinamanga chitenje zolimba n'kutsegula boneti.

Anthu sanachedwe. A kabaza anaimika njinga, amayi opita kumsika anatula madengu. Mkulu wina wa ndevu zoyera amene sindinkamudziwa n'komwe anandiyandikira n'kuti, "Amayi, mukadali ndi duku lakuda kumutu. Zimenezi pamanda sizichitika. Mukuputa zinthu."

"Abambo," ndinatero, "amene agona mmenemu ndi amuna anga, galimotoyi ndi yanga, manjawa ndi anga. Ngati mwabwera kudzathandiza, gwirani boneti isandigwere. Ngati ayi, msewu ndi uwo."

Boneti sanagwire, koma sanachokenso. Anangobwerera m'mbuyo pang'ono kuti aonerere bwino.

Ndinayambira pamene malemu ankayambira nthawi zonse: kodi ili ndi njala kapena yasowa moto? Ndinachotsa chivundikiro cha pamwamba pa kabuleta n'kukoka waya wa mafuta ndi dzanja. Petulo anawazikira mkati, ndinamuona ndi maso, fungo lakenso linamveka. Njala ayi. Ndiye ndinazula chiwaya chachikulu chochokera pa koyilo, ndinachigwira ndi pulayazi pafupi ndi chitsulo cha injini, n'kukuwa kuti, "Lizani!" Mawuwo atatuluka pakamwa panga ndinadzidzimuka, chifukwa sanamveke ngati anga. Aneba anapotokola kiyi maso atatsinzina. Sitata inazungulira, koma kunsonga kwa waya sikunathetheke ngakhale kamoto kamodzi. Ndinawauza kuti asiye.

Tsono moto ukuthera pati? Ndinatenga kababu kaja, waya mmodzi ndinagunditsa pa chitsulo cha injini, winayo pa koyilo mbali yolowera magetsi. Kanayaka. Ndiye kuti batire, fyuzi ndi kiyi zilibe mlandu, magetsi akufika. Ndinasunthira mbali inayo ya koyilo. Pamenepo malemu ankati kababu kayenera kuphethira injini ikamazungulira, chifukwa kabokosi kakuda kaja kamadula magetsi n'kulumikiza, kudula n'kulumikiza, ndipo kudulako ndi kumene kumabereka moto wa m'mapulagi. "Lizani!" Kababu kanangoyaka osaphethira. Koyilo inali ndi magetsi ake, koma panalibe woiuza kuti ponya moto tsopano.

Kabokosiko kanali katasinthidwa kale koma matenda osasintha, ndiye sindinakaganizire. Koma nako sikadula kokha, kamachita kuuzidwa ndi distiributa, chija chimagawa moto ku mapulagi, kudzera m'timawaya tiwiri toonda. Ndinatitsatira ndi zala kuchokera pa kabokosi, kutsika kuseri kwa injini kumene maso safika, monga ankachitira malemu maso atafooka. Ndinapsa pamkono ndi chitsulo chotentha, chipsera chake chilipo mpaka lero. Kumbuyo kwanga ndinkamva anthu akunong'ona, wina akuti mayiyu wazungulira mutu. Ndinangoti mumtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pansi penipeni zala zinakhudza soketi, polumikizirana mawaya aja, yovala kachikopa ka labala. Ndinaifinya zolimba n'kukuwa, "Lizani!"

Injini inatsokomola, n'kulira.

Koma abale, mukanaona! Amayi ena anathawa kusiya madengu. Aneba anakuwa kuti "Yesu!" n'kukweza manja m'mwamba. Ine zala sindinazichotse pa soketi. Kenako ndinaigwedeza pang'ono, injini zii. Ndinafinya, "Lizani," inalira. Ndinagwedeza, inazima. Ndinachita zimenezo mobwerezabwereza mpaka aliyense anaona, kenako ndinatembenukira mkulu wa ndevu uja. "Abambo, mwauona mzimu wanu uja? Ndaugwira pakhosi ndi zala ziwiri." Wa kabaza wina anaseka mpaka kugwetsa njinga.

Nditaizula soketiyo ndinapeza mkati muli mobiriwira ndi dzimbiri, tizitsulo take titakutidwa ndi zoyerayera ngati za m'mphika wa chidulo. Pakona panamatirira kachidutswa ka tsamba louma. Ndinakanda zoyerazo ndi chikhadabo n'kulawa. Mchere! Mvula ya ku Chinsapo ilibe mchere. Pomwepo ndinawakumbukira alamu pabwalo paja, ndowa ili m'manja, misozi ili m'masaya. Madzi awo analowa m'kachikopa ka labala n'kukhazikika momwemo, mchere n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono. Pamalo posalala tizitsulo tija tinkagundanabe, koma galimoto ikagwedezeka tinkalekana, ndipo pokankha kapena kukoka tinkakhudzananso. Mabampu oyamba kuchokera kwathu ali pamanda, nkhani yonse inali imeneyo.

Ndinapala tizitsulo tija ndi sandipepa wopinda, kutsuka ndi mswachi wa malemu woviika mu sipiriti amene wa kabaza woseka uja anakanditengera pa okala, n'kufinya timabowo ndi pini wa duku langa kuti tigwire zolimba. Ndinapaka girisi, kulumikiza, kumanga ndi mphira ya chubu. Kenako aneba anasunthira pampando wawo ndipo ndinayendetsa m'mabampu muja kupita, kubwerera, kupitanso, mothamanga dala, mpaka Baibulo linagwa pansi. Gogo sanazime.

Ndinafika kunyumba ndikuseka, koma aneba atalowa kwawo ndinakhalabe m'galimoto, ndipo ndinalira kuposa tsiku la maliro. Pakamwa ndinkakana za mzimu, ndipo ndikukanabe. Koma nthawi zonse galimoto ikazima pamanda paja, kamtima kena kankati ndi iwo, sakufuna kuti ndidutse osawapatsa moni. Tsopano ndinali nditatsimikiza ndi manja anga kuti palibe amene ankandigwira. Linali dzimbiri chabe. Amuna anga anapitadi.

Sabata yonseyo ndinatuta kabichi popanda chovuta, koma alamu sindinawaimbire. Ndinkadziwa kuti pafoni angoti mzimu wapuma kaye, monga ankanenera ena pa kiyosiki. Nkhani yoipa ija inafika yokha ku Area 25, koma yabwinoyi inkafunika kuti adzaikwere.

Loweruka alamu anafika pa lole ndi amuna awiri a ku Biwi, chingwe chokokera chili kale m'manja. Ndinawapatsa moni, kuwafunsa za kunyumba, mwaulemu wonse. Kenako ndinatsegula chitseko cha pikapu. "Alamu, kwerani. Musanaiphe, iperekezeni kaye ulendo umodzi." Anazengereza, koma pamaso pa alendo sakanakana. Anakhala pampando umene malemu ankakhala, dzanja litagwira chitseko.

Titayandikira manda ndinaona milomo yawo ikugwedera, akupemphera. Ndinalowa m'mabampu osachepetsa liwiro, tinadumphadumpha, tinadutsa, injini ikungolira bwinobwino. Ndinakakhotera kutsogolo n'kubwerera. Pachipata penipeni ndinaima, ndipo injini inati zii.

Alamu anagwira pamtima. "Mwaona?"

Ndinawaonetsa kiyi ali m'dzanja langa. "Ndazimitsa ndine. Tsikani, tikawaone ang'ono anu."

Pamtumbira tinazula udzu pang'ono. Kenako ndinamasula mfundo ya pachitenje n'kuwaika m'manja kachidutswa ka tsamba kaja, ndikuwauza kumene ndinakapeza ndi zimene mchere unachita. Sindinawonjezere, sindinachepetse. Anakayang'ana nthawi yaitali. Tsambalo ankalidziwa, anali atathyola okha.

"Ndinkafuna apite woyera," anatero motsitsa mawu.

"Anapita oyera, alamu. Munachita za mwambo wanu, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma musadzawalankhulirenso anthu ogona. Akakhala ndi nkhani ndi ine adzandiuza okha ndikadzafika. Galimotoyi siichoka pakhomo panga."

Titabwerera pa galimoto anaima kumbuyo, manja ali pa chitsulo, kukonzekera kukankha. Ndinatulutsa mutu pawindo. "Alamu, mukufuna kuthyola msana? Kwerani." Ndinapotokola kiyi kamodzi, gogo n'kulira. Titafika kunyumba, amuna a ku Biwi aja tinawapeza atakhala pamthunzi. Ndinawaphikira tiyi, anamwa, n'kubwerera ndi chingwe chawo.

Pikapuyo ikuyendabe, ngakhale pansi pake payamba kuonekera msewu. Amayi opita kumsika aja anayambiranso kukwera, ndipo ena mpaka lero amasiya kulankhula tikamafika m'mabampu. Ndimangowasiya. Masiku ena ndikamachokera ku Mchesi ndili ndekha ndimaima pachipata paja n'kulowa kukazula udzu. Pamanda ndimaimabe ndithu, koma ndimachita kuzimitsa ndekha.